Kukhuta si kudya bwino: mbalame zoweta zimafuna kashiamu

Nyengo yokolola ikafika kuno kwa Mkanda, m'boma la Mchinji, nkhuku ndi nkhunda sizigona ndi njala. Pabwalo pamatayika chimanga, kuchigayo madeya amachita kuunjikana, ndipo mtedza, soya ndi mpendadzuwa zimakhala mbwee. Ukagwira chithokomiro cha nkhuku madzulo umachipeza chodzaza.

Ngakhale zili choncho, madandaulo omwe alangizi timamva kwa alimi satha. Wina akuti nkhuku zake zikuikira mazira ofewa ngati chikopa. Wina akuti thadzi lake layamba kudya mazira ake omwe. Wina akuti msoti womwe umaikira bwino wangokhala pansi, miyendo yakana. Wa nkhunda naye akuti maunda akukula ndi miyendo yopindika. Ambiri amathamangira kugula mankhwala, ena amaotcha nkhuku mlomo, ena amangoipha n'kudya. Koma kawirikawiri gwero la mavuto onsewa ndi limodzi: mbalamezo zikukhuta njere, koma zikusowa mchere wina wotchedwa kashiamu.

Vutoli silisankha mbalame. Limagwira nkhuku, nkhanga, zinziri, nkhunda, ngakhalenso zinkhwe zomwe anthu ena amasunga m'nyumba kuti ziziwasangalatsa.

Kodi kashiamu amagwira ntchito yanji?

Kashiamu ndi mchere womwe umamanga mafupa ndi chigoba cha dzira. Umathandizanso minofu ndi mitsempha kugwira ntchito, kuphatikizapo minofu yomwe imakankha dzira kuti lituluke. Alimi a mtedza amaudziwa kale mcherewu ngakhale ena sautchula dzina: nthaka ikakhala ndi kashiamu wochepa, mtedza umabereka makoko opanda kanthu m'kati. Zomwe zimachitikira khoko la mtedza n'zofanana ndi zomwe zimachitikira chigoba cha dzira.

Chigoba cha dzira limodzi la nkhuku chimalemera magalamu 5 kapena 6, ndipo mwa amenewa, pafupifupi magalamu 2 ndi kashiamu weniweni. Thupi la nkhuku silitenga kashiamu yense amene yadya. Limatenga pafupifupi theka, wotsalayo amatuluka ndi zitosi. Choncho nkhuku yoikira tsiku ndi tsiku imafunika kudya magalamu 4 a kashiamu pa tsiku.

Tsono tiyeni tione chimanga. Mu kilogalamu imodzi ya chimanga muli kashiamu wosafika ndi theka lomwe la galamu. Kuti nkhuku ipeze magalamu 4 kuchokera m'chimanga chokha, iyenera kudya makilogalamu oposa 10 pa tsiku, pomwe mimba yake imakwana ndi magalamu 110 mpaka 120 basi. Madeya, mtedza ndi mpendadzuwa nazonso zili ndi kashiamu wochepa kwambiri. Soya amaposako pang'ono, koma naye sangakwanitse. Chinanso, njere zonsezi zili ndi mchere wina wotchedwa fosiforasi wochuluka kuposa kashiamu, ndipo michere iwiriyi ikasiyana chonchi, thupi limavutika kugwiritsa ntchito ngakhale kashiamu wochepa yemwe alipoyo.

Nkhuku imabwereka ku mafupa ake

Dzira limatenga maola 24 mpaka 26 kuti lipangike m'thupi la nkhuku, ndipo pafupifupi maola 20 mwa amenewa ndi omanga chigoba. Ntchito yaikulu yomanga chigobayi imachitika usiku, nkhuku ili m'khola, isakudya kanthu. Ngati m'mimba mulibe kashiamu, thupi limakatapa m'mafupa.

Mulengi anaipatsa nkhuku nkhokwe yapadera ya kashiamu m'kati mwa mafupa, yomwe imayamba kudzaza patatsala masabata pafupifupi 2 kuti msoti uikire dzira loyamba. Usiku nkhuku imatapa m'nkhokwemo, masana imabwezera kuchokera m'zakudya. Koma nkhokwe yongotapa osabwezera imatha. Ikatha, thupi limayamba kugumula mafupa enieni, ndipo m'pamene timaona nkhuku yofooka miyendo, yopindika fupa la pachifuwa, kapena yothyoka phiko popanda chifukwa chomveka.

Nkhuku zachikuda zomwe zimayenda zokha sizionetsa msanga vutoli. Zimaikira mazira 10 mpaka 15 kenaka n'kukhalira, ndipo nthawi yofungatira ndi yolera anapiye imapatsa mafupa mpata wochira. Poyendayenda zimatolanso tinkhono, ziwala, chiswe, timiyala ndi masamba. Koma alimi ambiri tsopano akuweta nkhuku za Mikolongwe, zomwe mtundu wake ndi Black Australorp, za Kuroiler, komanso zachizungu zoikira mazira. Nkhuku yachizungu yosamalidwa bwino imatha kuikira mazira pafupifupi 300 pa chaka. Amenewo ndi magalamu 600 a kashiamu, kuchulukitsa koposa ka 20 kashiamu yense amene ali m'mafupa ake. Walira mvula walira matope: wofuna mazira ambiri avomerenso kudyetsa moyenera, makamaka ngati nkhukuzo wazitsekera m'khola momwe sizingadzifunire zokha.

Nkhaniyi ikukhudza mphika komanso thumba. Dzira lofewa silifika kumsika wa kwa Mkanda kapena kwa Kapiri, limasweka m'njira. Silingaswe mwanapiye wamphamvu. Ndipo kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'dziko muno anali opinimbira. Dzira lililonse losweka m'chisa ndi ndiwo yomwe mwana waphonya.

Zizindikiro zoti muziyang'ana

Kwa mbalame zoikira, chizindikiro choyamba ndi chigoba chopyapyala, chokhakhala kapena dzira lotuluka lopanda chigoba. Kenaka mazira amayamba kuchepa. Dzira lofewa likasweka m'chisa, nkhuku imalawa n'kuzolowera, ndipo zinzake zimatengera. Kuotcha mlomo kumangozunza nkhuku, njala ya kashiamu imakhalapobe. Nthawi zina dzira limakanirira m'njira chifukwa minofu yafooka: nkhuku imakhala yonyongomala, mchira uli pansi, ikukankha koma osatulutsa kanthu. Ikapanda kuthandizidwa imafa.

Kwa anapiye ndi maunda, yang'anani miyendo yopindika, mlomo wofewa woti mutha kuupinda ndi chala, kuyenda pang'ono n'kukhala pansi, ndi kukula mochedwa.

Komabe si dzira lofewa lililonse lomwe limadza chifukwa cha zakudya. Chitopa ndi matenda ena a chifuwa amawononga njira yopangira mazira. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumachititsa nkhuku kupuma wefuwefu ndi kudya pang'ono, zigoba n'kupyapyala. Nkhuku zokalamba nazo zimaikira mazira aakulu a chigoba chopyapyala. Ngati pamodzi ndi mazira ofewa mukuona kutsokomola, zitosi zobiriwira, kupinda khosi kapena nkhuku kufa motsatizana, itanani mlangizi wa ziweto msanga. Kashiamu salowa m'malo mwa katemera wa I-2, yemwe amadonthezedwa m'diso pa miyezi 3 kapena 4 iliyonse kuteteza chitopa.

Kashiamu timupeza kuti?

Ubwino wake ndi woti zambiri zili pakhomo pomwe.

Choyamba ndi zigoba za mazira. Musazitaye kudzala. Zitsukeni, ziwiritseni kwa mphindi 10 kapena zikazingeni m'chiwaya kuti tizilombo toyambitsa matenda tife, ziyanikeni, kenaka zisinjeni mumtondo. Kusinja n'kofunika kuti nkhuku isazindikire kuti ikudya dzira. Ogulitsa tchipisi ndi mazira komanso eni malo a tiyi pamsika amataya zigoba zambiri tsiku lililonse. Kambiranani nawo kuti azikusungirani. Dziwani kuti kubwezera nkhuku chigoba cha dzira lake lokha sikukwanira, pakuti muli magalamu 2 pomwe iyo ikufuna 4.

Chachiwiri ndi zigoba za nkhono, zomwe zimapezeka zambiri m'madimba ndi m'madambo mvula ikatha. Nazo ziwiritseni kapena ziotcheni musanasinje, chifukwa nkhono zimatha kunyamula njoka zam'mimba.

Chachitatu ndi mafupa a ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nsomba. Aotcheni pamoto wamphamvu mpaka ayere, kenaka asinjeni. Mafupa ali ndi kashiamu ndi fosiforasi pamlingo womwe thupi limaufuna, choncho ndi abwino kwambiri kwa anapiye ndi misoti. Musagwiritse ntchito mafupa a chiweto chomwe chafa chokha ndi matenda osadziwika.

Chachinayi ndi laimu wa ziweto, yemwe amagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zaulimi. Ameneyu ndi mwala wongogaya, ndipo mu kilogalamu imodzi muli magalamu oposa 350 a kashiamu. Apa chenjerani. Njereza yopakira nyumba ndi laimu womangira n'zootcha, zimapsereza kukhosi ndi m'matumbo. Laimu wina wothira m'munda, wotchedwa dolomite, ali ndi mchere wa maginiziyamu wambiri womwe umatsegula nkhuku m'mimba ndi kufewetsanso zigoba. Werengani zolembedwa pathumba, kapena litengereni kwa mlangizi alione musanathire m'chakudya.

Chachisanu ndi nsomba zing'onozing'ono monga usipa, matemba ndi kapenta. Zinyenyeswa zotsalira pansi pa dengu la wogulitsa zimakhala zotsika mtengo, ndipo zimapereka kashiamu pamodzi ndi zomanga thupi. Zikakhala zothira mchere wambiri, ziviikeni m'madzi n'kuziyanika kaye.

Masamba monga chammwamba, nkhwani, chisoso, mpiru ndi khwanya amawonjezera kashiamu ndi mavitamini, ndipo amachititsa kuti chikasu cha dzira chikhale chowala. Amangirireni m'khola kuti nkhuku zizijompha. Okha sangakwanitse zofuna za nkhuku yoikira, koma asasowe.

Kasakanizidwe ka chakudya cha nkhuku zoikira

Kashiamu payekha sapanga dzira. Monga momwe ife anthu timalimbikitsidwira kudya magulu 6 a zakudya, mbalame nayo imafuna zopatsa mphamvu, zomanga thupi, michere, mavitamini ndi madzi. Nachi chitsanzo cha makilogalamu 10 a chakudya cha nkhuku zoikira, pogwiritsa ntchito zomwe timalima kuno:

Chimanga chogaya mokhakhala: makilogalamu 5
Madeya: kilogalamu 1
Soya wokazinga ndi kugaya: makilogalamu 2
Keke ya mpendadzuwa, yotsala akafinya mafuta: magalamu 500
Usipa kapena matemba osinja: magalamu 400
Laimu wa ziweto, kapena zigoba za mazira ndi nkhono zosinja: magalamu 900
Mafupa ootcha osinja: magalamu 150
Mchere wa kukhitchini: magalamu 30
Mavitamini ogula osakaniza kale: monga mwa malangizo a papaketi

Chakudya chimenechi chimakwanira nkhuku 10 kwa masiku 8 kapena 9. Posakaniza, yambani ndi zochepazo, monga mchere, mafupa ndi mavitamini, muzisakanize ndi madeya, kenaka muphatikize ndi zonse kuti pasakhale nkhuku yodya mchere wokhawokha. Soya ayenera kukazingidwa mpaka asinthe mtundu ndi kununkhira, koma osapserera. Soya wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya zomanga thupi.

Osasinja laimu kapena zigoba zonse kukhala ufa. Gawo lalikulu likhale timibulu tofanana ndi njere za mapira kapena mpunga. Ufa umadutsa msanga m'mimba, pomwe timibulu timakhalitsa m'nthutumba n'kumasungunuka pang'onopang'ono usiku wonse, nthawi yomwe chigoba chikumangidwa. Pa chifukwa chomwechi, ndi bwino kupereka timibuluti masana dzuwa litapendeka.

Ngati nkhuku zanu zimayenda zokha ndipo n'zosakanikirana, zazikulu ndi zazing'ono, musathire laimu wochuluka chonchi m'chakudya cha zonse. Ikani zigoba zosinja kapena laimu m'kachitini kapena m'phale pamalo osanyowa. Zoikira zimadzitapira zokha momwe zikufunira, atambala ndi anapiye amangolawa.

M'mera mpoyamba, koma osapyola muyeso

Anapiye ndi misoti yomwe sinayandikire kuikira imafuna kashiamu wochepa, pafupifupi galamu 1 pa magalamu 100 aliwonse a chakudya, pomwe zoikira zimafuna magalamu 3.5 mpaka 4. Mukapatsa anapiye chakudya cha nkhuku zoikira, kashiamu wochulukayo amawononga impso, ndipo amafa kapena kupinimbira. Yambani kuwonjezera kashiamu misoti ikayamba kufiira lipombo ndi kufunafuna chisa, zomwe kwa nkhuku zachizungu zimachitika pa masabata 16 mpaka 18.

Dzuwa nalo ndi chakudya. Kuti kashiamu achoke m'matumbo kulowa m'magazi pamafunika vitamini D, yemwe thupi la mbalame limapanga likawombedwa ndi dzuwa. Khola lamdima, lotsekedwa mbali zonse poopa akuba, limatha kubweretsa mazira ofewa ngakhale laimu alipo. Siyani mbali ya waya kapena kabwalo kotchinga koti nkhuku ziziothera dzuwa la m'mawa. Madzi oyera asasowe tsiku lonse, chifukwa nkhuku yaludzu imasiya kudya.

Nkhunda, nkhanga ndi zinziri

Nkhunda imaikira mazira 2, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira kwa masiku pafupifupi 18. Maunda akaswa, makolo onse awiri amawadyetsa chakudya chonga mkaka chochokera m'chithokomiro. Makolo akamadya chimanga chokha, maunda ndiwo amalipira. Ikani pafupi ndi khola phale la mchenga wokhakhala wosakaniza ndi zigoba zosinja, mafupa ootcha ndi kamchere pang'ono, ndipo ku chimanga muwonjezere nandolo, khobwe, mapira kapena soya wokazinga.

Nkhanga zimaikira kwambiri m'nyengo ya mvula, ndipo chigoba cha dzira lake n'chokhuthala kuposa cha nkhuku. Yambani kuziikira zigoba zosinja mvula isanagwe. Zinziri zimayamba kuikira pa masabata 6 kapena 7 okha, ndipo popeza zimakhala m'khola moyo wonse, zonse zomwe zikufuna ziyenera kuchokera m'dzanja la mwini wake.

Nanga zinkhwe?

Palibe mbalame yomwe imaonetsa poyera kuopsa kwa njere zokhazokha kuposa chinkhwe. M'mizinda monga Lilongwe, Blantyre ndi Chipata muli mabanja osunga zinkhwe m'nyumba, ndipo chakudya chomwe chimabwera msanga m'maganizo ndi mtedza ndi mpendadzuwa, mbewu zomwe ife a ku Mchinji timalima ndi kugulitsa. Chinkhwe chimazikonda kwambiri moti mukasakaniza ndi zina chimasankha zokhazo. Koma njere ziwirizi zili ndi mafuta ambiri, kashiamu wochepa, ndipo vitamini A mulibe n'komwe wokwanira. Mbalameyo imanenepa, nthenga n'kumaoneka bwino kwa kanthawi, pomwe m'kati ikutha.

Chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, chija chimatsanzira mawu a anthu, ndicho chimadziwika kwambiri ndi vutoli. Kwawo ndi kunkhalango za ku Congo ndi maiko a kumadzulo kwa Africa, komwe chimadya zipatso, njere, masamba ndi makungwa osiyanasiyana, n'kumatsikiranso pansi kukadya dothi la michere. Chikatsekeredwa m'chipinda n'kumadya mpendadzuwa wokha, kashiamu m'magazi amatsika. Chimayamba kunjenjemera, kugwa pamtengo wake, ndi kuphupha ngati chagwidwa khunyu. Mbalame yoti ikanakhala zaka 40 kapena kuposa imatha kufa ikadali yaing'ono.

Wosunga chinkhwe achipatse masamba obiriwira tsiku lililonse monga nkhwani, mpiru ndi chammwamba. Maungu, karoti ndi mbatata yofiira m'kati yophika. Zipatso monga papaya, mango ndi gwafa. Nyemba kapena nandolo zophika bwino zopanda mchere. Ndi kachidutswa ka dzira lowiritsa pamodzi ndi chigoba chake chosinja kamodzi kapena kawiri pa sabata. Komwe chakudya cha zinkhwe chopangidwa kufakitale chikupezeka, chimenecho chikhale maziko. Mtedza ndi mpendadzuwa zikhale zongokometsera, njere zowerengeka pa tsiku. Sinthani pang'onopang'ono kwa masabata angapo, chifukwa chinkhwe chozolowera njere chimatha kukana chakudya chatsopano mpaka kuwonda.

Chitulutseni panja ndi khola lake chiothere dzuwa, mbali ina ya kholalo ili pamthunzi. Dzuwa lodutsa pagalasi la windo silithandiza thupi kupanga vitamini D. Musachipatse mapeyala, chokoleti, khofi, mowa kapena zakudya zamchere wambiri. Mapeyala ndi poizoni kwa zinkhwe. Chikayamba kugwa kapena kuphupha, thamangirani kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

Pali chenjezo lina lomwe likukhudza mbalame zonse. Pakhomo pambiri mtedza wosankhidwa kuti ndi woola kapena wachuku ndi womwe umaponyedwa kwa nkhuku ndi nkhunda. Chuku chimatulutsa poizoni wa aflatoxin yemwe amawononga chiwindi, amachepetsa mazira, ndipo amasokoneza momwe thupi limagwiritsira ntchito vitamini D ndi kashiamu. Zinkhwe ndi abakha ndizo sizichedwa kugonja. Mtedza, chimanga kapena madeya achuku akwirireni.

Ife okhala m'malire tiyeneranso kukumbutsana za lamulo. Malawi ali ndi zinkhwe zakezake zam'tchire, kuphatikizapo kachinkhwe kakang'ono kobiriwira, ka nkhope yofiirira, komwe kamakhala m'mitengo ya tsanya kumalo osungira nyama a Liwonde komanso m'chigwa cha Luangwa ku Zambia. Lamulo loteteza nyama zakutchire, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, sililola kugwira, kusunga kapena kugulitsa mbalame zotetezedwa popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Mu 2016, maiko omwe ali m'pangano la CITES atakumana ku Johannesburg anagwirizana zoletsa malonda a pakati pa maiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa m'tchire. Munthu akakutsatsani chinkhwe chodzera njira zachidule kuchokera kutsidya, kanani. Mungalowe m'mavuto ndi lamulo, komanso mbalame yosayezedwa ingabweretse matenda m'khola lanu.

Zoti muchite sabata ino

Tengani dzira limodzi la nkhuku zanu, liswereni m'mbale, ndipo finyani chigoba ndi zala. Chikamapindika kapena kunyenyeka mosavuta ngati pepala, yambani lero kusunga zigoba, kutola nkhono ndi kuotcha mafupa. Ikani phale la zosinjazi pomwe mbalame zimadyera, onani ngati dzuwa likulowa m'khola, ndipo chotsani madeya aliwonse onunkha chuku. Ngati vuto linali kashiamu, zigoba zimayamba kulimba pasanathe masabata 2. Zikapanda kusintha, kapena mukafuna thandizo poyeza ndi kusakaniza chakudya, fikani ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu. Alimi a m'makalabu angathenso kusonkherana kugula thumba limodzi la laimu wa ziweto n'kugawana, pakuti makilogalamu 50 amakwanira nkhuku 20 zoikira kwa miyezi yoposa 7.